Chitini cha Leopoldina

Leopoldina sanali munthu wotaya chinthu. Khalidweli analitola ali mtsikana kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo linabwerera naye ku Tete. Kwawo ku Matundo aliyense ankachidziwa chitini chake cha mkaka, chodzaza makapisozi. Mwana akangopezako bwino tsiku lachitatu, mayiyu ankati basi wachira, otsalawo m'chitini. Anzake ankamutcha adokotala, iye n'kumaseka monyadira.

Wodwala wake wokhulupirika anali mwamuna wake Ezequiel, woyendetsa minibasi zija amati chapa. Chimfine, awiri. Msana, awiri. M'mimba mutayamba kumupota anamupatsanso awiri m'mawa, awiri madzulo, kwa masiku anayi, mpaka mimba inauma gwa ngati thabwa. Bamboyo anawoloka mlatho wa Zambezi kupita kuchipatala atagonekedwa pampando wakumbuyo wa chapa yake yomwe.

Anamuchita opaleshoni masana omwewo. Kathumbo kanali kataphulika, mafinya ali ponseponse. Madokotala anatsuka, kusoka, kumuika padiripi, koma thupi silinasiye kutentha.

Patapita masiku atatu, dokotala wina dzina lake Yolanda anaitanira Leopoldina pakhonde, pepala lili kumanja.

"Mayi, zotsatira za analizi ya mafinya aja zatuluka. Pa mankhwala asanu amene tayesa, anayi alephera. Tizilomboto tinazolowera kale. Kodi abambowa akhala akumwa chiyani?"

Leopoldina anatulutsa chitini chija m'chikwama, poti anabwera nacho kuti mwina chithandiza. Dokotalayo anakhuthulira zonse pathireyi n'kumasankhula ndi cholembera. Sanakalipe ayi, ndipo kusakalipako ndi kumene kunamulasa mtima mayiyo.

"Si inu nokha, mayi, mzinda wonse umatero. Tatsala ndi mtundu umodzi. Tiyamba lero."

"Nanga umenewo ukalepheranso, dotora?"

Yolanda anangopinda pepala lija.

Leopoldina analowa muwodi ali ndi mantha amene sanawamvepo ngakhale nthawi ya nkhondo. Ezequiel anatsegula maso pang'ono, milomo itang'ambika, n'kumukodola kuti awerame.

"Amake Armando," ananong'ona, "zakunozi sizikundigwira. Ndipatseniko awiri a m'chitini mwanu muja. Aja sandikana."

Mayiyo anamugwira dzanja lotentha lija. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu za banja lawo anali asanamumanepo kanthu.

"Atha, bambo," anatero, misozi ikudonthera pabulangete. "Ndinakupatsani onse."