Mubwere Mudzajambulidwe

Pa situdiyo ya mlongo wanga timagwira ntchito atatu: iyeyo amene amajambula, ine amene ndimadula magalasi ndi kukhoma mafelemu kuchipinda chakumbuyo, ndi Akalaliki. Akalalikiwo si munthu. Ndi pulogalamu ya pakompyuta imene mlongo wanga anabweretsa kuti iziyendetsa situdiyo, ndipo dzinalo ndinawapatsa ndine chifukwa cha nsanje. Kale mafoni a makasitomala ndinkalandira ndine. Mpaka lero ndimanena kuti ntchitoyo ndinkaigwira bwino, ngakhale mlongo wanga akamva zimenezi amangoyang'ana kudenga.

Koma chilungamo ndichinene, Akalaliki ntchito amaidziwa. Munthu akafuna kujambulitsa amangotsegula pafoni pake, kuona nthawi imene palibe wina, n'kudzilembetsa yekha ali gone kunyumba kwake. Pakompyuta pathu pamatuluka kabokosi, kobiriwira ngati ndi zithunzi za pasipoti, kofiira ngati ndi ukwati, kachikasu ngati ndi banja. Kukatsala tsiku limodzi, Akalaliki amatumiza uthenga wokumbutsa. Zithunzi zikakonzedwa amatumizanso wina woti mwini wake asankhe zimene akufuna kutsukitsa. Sadwala, sachedwa, sapempha tchuthi. Mnzako wa pantchito wotere n'kovuta kumukonda.

Uthenga wokumbutsawo mlongo wanga anaulemba kamodzi kokha, ndipo anaufupikitsa dala poganizira anthu a timafoni ta mabatani. Umanena kuti: "Tikukukumbutsani kuti mawa mubwere mudzajambulidwe. Tili pamwamba pa famase, khomo lachiwiri. Musavale zonyezimira." Pamapeto pake pamabwera nthawi ya munthuyo, basi.

Lachisanu lina m'mawa tinapeza bambo wina wachikulire atakhala pamasitepe, chipewa chili pabondo. Anali atavala jekete yakuda yosita bwino ndi nsapato zopolisha. Atationa anaimirira pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira khoma.

"Ojambula ndinu?"

"Ndife, bambo," anayankha mlongo wanga akutsegula chitseko. "Munalembetsa?"

Bambowo anamuonetsa uthenga pafoni pawo. Mlongo wanga anayatsa kompyuta n'kulemba nambala yawo, ndipo panatuluka kabokosi kachikasu. Analembetsa anali mwana wawo wamkazi. Ankafuna chithunzi cha banja lonse pa tsiku lobadwa la bambo ake, ndipo pamalo polemba nambala ya wojambulidwa anaikapo ya bambo akewo.

"Bambo, nthawi yanutu ndi masana. Mwalawira chonchi bwanji?"

"Ndinati ndipewe mzere. Malo ngati ano ukachedwa umatuluka dzuwa litapendeka."

Mzere pa situdiyo yathu sindinauonepo, koma mawuwo anandikomera, ndiye sindinawatsutse.

"Nanga ana abwera nthawi yanji?" anafunsa mlongo wanga.

"Ana ayi. Ana sakudziwa, ndipo asadziwe."

Mlongo wanga anawayang'anitsitsa. Masitepe athu si ambiri, koma bambowo anali akupumabe movutikira. Anawauza kuti alowe m'chipinda chojambulira, mmene muli mpando wabwino. Podutsa bambowo anaima n'kuyang'ana zithunzi zapakhoma, za akwati, za makanda, za ana omaliza sukulu atavala mikanjo.

"Mumajambula zonse eti?" anatero akugwedeza mutu. "Zamasiku ano. Bola makinawo akhale osiyana."

Ine ndinawatsatira nditanyamula galasi limene ndinkafuna kukadula. M'chipindamo anayang'ana nsalu yoyera yakumbuyo, magetsi aja okhala m'maambulera, ndi kamera ili pamiyendo yake itatu. Pampando sanakhale. Anakaima pakati pa nsaluyo, anavula jekete, anaipinda bwinobwino, n'kuyamba kumasula mabatani a malaya.

"Ndivule malaya okha, kapena ndi vesiti yomwe? Wotchi ndasiya kunyumba, poti munati zonyezimira ayi."

Apo m'pamene ndinamva zonse. Bambowa sanabwere kudzajambulitsa nkhope. Ankayesa kuti afika kumalo ojambula m'chifuwa. Chiseko chinandifika pakhosi, galasi likunjenjemera m'manja. Mlongo wanga anandiponyera diso lija mayi athu ankatiyang'ana nalo tikayamba kuseka pamaso pa alendo, ndipo chisekocho ndinachimeza chonse.

Iye anakoka kampando kamene timakhazikapo ana, n'kukhala patsogolo pawo.

"Bambo, takhalani kaye pansi. Anakutumani kukajambulitsa ndani?"

"Adokotala a pakiliniki. Chifuwa ichi, chakana kutha. Makina awo anawonongeka, ndiye anati ndipite kwina. Anandipatsa kapepala, nambala yanganso anatenga." Anasisita thumba la jekete. "Mvula inayamba mpaka kutha, kapepala kali momwemu. Ndimazemba, mayi, sindikubisirani. Ndiye dzulo uthenga utalowa ndinati basi, andipeza."

Mlongo wanga sanazungulire. Analankhula motsitsa mawu, akuwayang'ana m'maso.

"Bambo, ife timajambula nkhope. Zam'chifuwa sitingathe. Uthengawu wakupezani chifukwa mwana wanu wamkazi analembetsa kuti banja lonse lidzajambulitse masana ano, chifukwa cha tsiku lanu lobadwa. Kulakwa si kwanu. Mawu ake ndi amodzimodzi, ndipo ife sitinalembepo kuti kuno ndi ku situdiyo."

Bambowo anayang'ana maambulera aja, anayang'ana kamera, kenako anayang'ana pansi. Anayamba kumanga mabatani, ndipo loyamba analilowetsa pabowo lolakwika.

"Mwana wangayo anati abwera kudzanditenga kuti tikagule nsapato," anatero. Anayesa kuseka koma chifuwa chinawadula. Chitatha anapukuta pakamwa ndi mpango. "Moyo wanga wonse ndayendetsa basi, msewu sindinausocherepo. Lero ndasochera pamasitepe. Tulo sindinationetu ine. Ndinasonkhanitsa mtima wonse umene ndinali nawo, n'kudzautaya pa situdiyo. Basi, pepani pokutayitsani nthawi. Kumeneko ndidzapita tsiku lina."

Tsiku lina limenelo ine ndi mlongo wanga timalidziwa bwino. Bambo athu ankalinena chimodzimodzi, ndipo silinafike. Ndinamva chisoni chachikulu, chifukwa zinali zoonekeratu kuti bambowa akangotsika masitepe aja ndi manyazi amenewa, kapepalako kabwerera m'thumba ndipo sikadzatulukanso.

"Mtimawo simunautaye, ukadali wotentha," anatero mlongo wanga. "Mundidikire pomwepo."

Anapita pakompyuta, ine ndikusuzumira kumbuyo kwake. M'mawa umenewo unali wodzaza. Panali mayi wa saluni wofuna zithunzi za masitayelo a tsitsi, panali mayi woyembekezera, panali wamalonda wobwera ndi zikwama zake, ndi a pasipoti angapo. Mlongo wanga anagwira kabokosi ka saluni n'kukakokera Loweruka. Ka mayi woyembekezera anakakokera madzulo, ka zikwama Lolemba. Kabokosi kalikonse kakangotera pamalo atsopano, Akalaliki ankatumiza uthenga wopepesa ndi nthawi yatsopano, ndipo mayankho anayamba kulowa pomwepo. Akanakhala masiku anga a mafoni, bwenzi ndikuimbirabe munthu wachiwiri bambowo atafika kale pasiteji. Pamene bambowo ankamaliza kukonza batani lija, m'mawa wonse unali woyera, kupatula timabokosi tobiriwira.

"A pasipoti muwajambula ndinu, achimwene," anandiuza. "Musawauze kuti amwetulire." Anatenga makiyi a galimoto. "Tiyeni, bambo. Ndikudziwa chipatala chimene makina ake akugwira."

"Mayi, inu muli ndi ntchito."

"Ntchito ndaisuntha. Chifuwa ndiye sichisunthika."

Bambowo anavala jekete, koma anaima pakhomo. "Ana anga musawauze."

"Sindiwauza, si nkhani yanga. Koma kamera yanga sinama, bambo. Kolala ya malaya anuwo yakula, ndipo mwana wanu ali ndi maso."

Bambowo anavala chipewa n'kutsika pambuyo pake.

Mlongo wangayu ndinamubereka kumsana ali khanda, ndipo mphuno ndinkamupukuta ndine. Koma nditamuona pawindo akuwatsegulira bambo aja chitseko cha galimoto ngati bambo ake omubala, ndinavomera mumtima kuti wandiposa, ndipo ndinamunyadira kwambiri.

Ndinatsala ndi Akalaliki. A pasipoti anabwera, ndinawajambula, ndipo mmodzi yekha ndi amene anatuluka atatsinzina. Mayi wa saluni sanawerenge uthenga wake. Anafika ndi atsikana ake mitu itakonzedwa kale, n'kundilalatira ngati ndamubera chipeso. Nditamupempha kuti aone pafoni pake anaupeza uthengawo uli phee, ndipo anatsika akung'ung'udza kuti tsitsi silidikira Loweruka.

Mlongo wanga ndi bambo aja anabwerako masana. Bambowo anali atanyamula envelopu yaikulu, ndipo anakaiika pansi pa mpando wa m'chipinda chojambulira. Mlongo wanga anandipeza kumafelemu.

"Pali kamthunzi mbali imodzi," anandinong'oneza. "Adokotala sananene kuti n'chiyani. Akufuna kuwayezanso Lolemba. Angoti bola abwera."

Anabwerera kwa bambowo, anawapatsa madzi, anawapukuta fumbi paphewa ndi kuwawongola kolala. Posakhalitsa tinamva phokoso pamasitepe. Anali mwana wawo wamkazi, mwamuna wake ndi adzukulu, onse atavala zofanana mitundu. Mayiyo analowa akupepesa asanapereke n'komwe moni.

"Pepani, abambo sitinawapeze kunyumba, foninso sakuyankha. Kaya tisunthe tsiku, kaya titani." Anasuzumira m'chipinda chojambulira n'kuima. "Abambo? Mwafika bwanji kuno?"

"Ndafika," anayankha bambowo. "Nsapatozo zili kuti?"

Onse anaseka, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mlongo wanga anayamba kuwaimika, bambowo pampando pakati, mwana wawo ndi mkamwini kumbuyo, adzukulu m'mbali. Anayatsa magetsi, anawerama pakamera. Ine ndinali pakhomo, ndipo ndinaona mayiyo ataika dzanja paphewa la bambo ake. Dzanjalo linafinya jekete, linafinyanso, ngati likufunafuna mnofu umene unkakhalapo. Nkhope yake inasintha. Bambowo sanacheuke. Anawerama, anatulutsa envelopu ija pansi pa mpando n'kuiika pamiyendo pawo.

Mlongo wanga anaweramuka osajambula.

"Batire latha," anatero. "Achimwene, tiyeni mukandithandize kufuna lina. Ana inu, bwerani mudzaone mmene amadulira magalasi."

Batirelo ndinali nditalitchaja ndekha m'mawa. Tinatuluka ndi adzukulu aja, mlongo wanga n'kutseka chitseko. Anatulutsa foni, anakankhira kutsogolo kabokosi ka mayi woyembekezera uja kachiwiri, ndipo ulendo uno anamuimbiranso yekha kumupepesa. Ine ndinawaonetsa ana mmene kachitsulo kamalembera mzere pagalasi, ndi mmene galasi limathyokera pomwepo ukalipanikiza pang'ono. Ankafuna ndidule lina ndi lina. Ndinawononga magalasi abwinobwino tsiku limenelo.

Khoma lathu ndi lamatabwa, silisunga chinsinsi. Tinamva mawu a bambowo, otsika, akulankhula nthawi yaitali. Kenako mwana wawo anafunsa kuti, "Nthawi yonseyi, abambo? Nthawi yonseyi muli chete?" ndipo anayamba kulira. Mkamwini ananena zina zimene sitinazimve, kupatula mawu akuti Lolemba ndi akuti tonse. Kenako, mosayembekezera, kunabuka chiseko, cha mayiyo chosakanikirana ndi misozi, cha mkamwini, ndi cha bambowo chothera m'chifuwa. Ndinadziwa kuti nkhani ya vesiti yafika.

Mlongo wanga anali atatsamira khoma, batire labwinobwino lili m'manja, maso ali ofiira. Chitseko chinatseguka. Bambowo anaima pakhomo, jekete ili bwino, mwana wawo atawagwira mkono ndi manja awiri.

"Bwerani, mayi," anatero. "Zam'kati ndawaonetsa kale. Tsopano tijambuleni zakunja."