Tiwo Asankha Makina

Tiwo anagwira ntchito zaka zinayi m'shedi ya boma yokonzeramo makina a m'zipatala. Mu 1994 shediyo inatsekedwa, onse n'kupatsidwa makalata oti azipita. Iye anabwerera kwa makolo ake kukomboni ya Kalingalinga.

Patapita miyezi isanu anamuitanitsa a Dixon, omwe anali bwana wake kushedi kuja. Anali atatsegula kakampani kawo m'tauni, ndipo ogulitsa makina ena a ku Joni anali atawalonjeza kuphunzitsa munthu mmodzi, koma mtundu umodzi wokha wa makina.

"Sankha," anatero a Dixon pomupatsa fomu. "Ekisileyi, va mu labu, olo mabokosi yofunditsa bana bobadwa masiku yosakwana."

"Mabokosi, ba Dixon. Pa kiliniki pathu yalipo yatatu, yonse yanafa."

"Nanga azakulemba nchito ndani? Boma yagona. Bamene bayenda manje ni madokotala botsegula vipatala vawo, ndipo beve bafuna ekisileyi. Kaganize."

Mawa lake Tiwo anapita kukiliniki kukaonana ndi Ida, namwino yemwe anakulira naye limodzi. Mwa mabokosi atatu ofunditsa ana aja, awiri anali atasungamo mafayilo. Pabedi lapakona panali mayi atagoneka kakhanda pachifuwa, atakakulunga zitenje zitatu, m'mbali ataika mabotolo a madzi ofunda. Tiwo anamasula bokosi lachitatu. Chomwe chinali chitapsa chinali kawaya kotenthetsera basi, kotalika ngati chala.

"Kamapezeka kuti?" anafunsa Ida.

"Muno mu Zambia kulibe."

"Ndiye ukapunzila, kazapezeka?"

Tiwo anatseka bokosilo. Anabwezera zomangira zonse m'malo mwake. Atafika kunyumba anakhala nthawi yaitali pakhonde, kenako analemba pafomupo kuti ekisileyi.

Ku Joni anakhalako milungu isanu ndi umodzi, ndipo anakhoza bwino kuposa amuna onse a m'kalasi mwake. Atabwerako anayamba kuyenda m'zipatala ndi chikwama cha zipangizo. Pachipatala choyamba chomwe sichinali cha boma anamuuza kuti makina awo atsopano saloledwa kukhudzidwa ndi wina aliyense kupatula injiniya wobwera pandege. Pachiwiri anamuuza zomwezo asanakhale n'komwe pansi. M'zipatala za boma anapeza makina akalekale amphatso, osiyaniranatu ndi omwe anaphunzira, mabuku ake olembedwa m'chilankhulo chomwe panalibe wochidziwa. Chaka chonse anakonza makina amodzi, ku Kabwe, ndipo vuto lake linali fyuzi.

Tsiku lina anapeza muofesi mwa a Dixon mutadzaza mabelo a salaula, zovala zakunja zovalidwa kale. Tebulo anali atalikankhira kukhoma.

"Va makina vakanga, mwana wanga," anatero osamuyang'ana. "Napeza malo pa maliketi. Nifuna munthu wokhulupilika wogulitsa."

Tiwo anaika chikwama chake pansi. Fungo la mabelowo linamulowa mpaka kukhosi.

"Nibwele nthawi yanji?"

"Sikisi koloko," anatero a Dixon. "Ubwele na ambulela, kulibe mthunzi."