Nsapato za Matayala Atatu

Dzina la Taizya linalowa m'nyumba mwathu mu Malichi, ndipo pofika mu Juni linali litakhazikika ngati mlendo wosatsanzika. Amuna anga, a Overstone, adokotala anawauza kuti shuga wakwera, ayambe kulimbitsa thupi. Zothamanga anakana chifukwa cha mawondo. Ndiye anapeza kagulu ka anthu otsetsereka pa nsapato zamatayala Loweruka lililonse m'mawa, m'mbali mwa mtsinje ku Crawley, kuno ku Perth. Wotsogolera kaguluko ndiye anali Taizya, mayi wa ku Lusaka wogwira ntchito m'maofesi a m'tauni, wosakwatiwa, wam'chiuno moning'a bwino.

"Taizya akuti ndizipinda mawondo." "Taizya akuti matayala anga adyeka mbali imodzi." Ine ndachokera kuntchito kuchipatala nditaimirira tsiku lonse, mapazi atatupa, n'kumamva za Taizya mpaka patebulo. Nsanje inandigwira, sindibisa. Ndinaona kuti amuna anga akundipulumuka ndikuyang'ana, Loweruka ndi Loweruka. Chomwe chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti nsapato zoterezi anaziona koyamba kumapazi kwanga. Ku Chilomoni, ndili Fomu 2, achimwene anga anatola peyala pa kaunjika, ndipo ine ndinkatsika nazo mtsetse wa kutchalitchi anyamata akuimba miluzu. Mmodzi mwa oimba miluzuwo anali Overstone yemweyu. Ndiye lero azindiphunzitsa kupinda mawondo ine?

Lachinayi ndinapita ku Malaga, dera lina la mumzinda momwemu, kusitolo ina yobisika pakati pa magalaja ndi mafakitale. Wogulitsa anali mayi wachizungu waimvi, wodekha zake. Anandifunsa kuti ndinasiya liti. Ndinati papita nthawi pang'ono, osatchula kuti ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutulutsa nsapato zofewa, za timatayala tinayi, zokhala ndi buleki kuchidendene. Anati izi ndi zabwino kwa munthu amene akuyambiranso, sizithamanga kwambiri ndipo zimagwira akakolo.

Ndinaziona ngati za nkhalamba. Ndinamuonetsa chithunzi chomwe ndinaba m'foni ya amuna anga: Taizya ataima pa nsapato zakuda za matayala atatu akuluakulu, zopanda buleki.

"Ndikufuna izi," ndinatero.

Mayiyo anati zimenezo ndi za anthu odziwa kuima popanda buleki. Ndinati ndimadziwa. Atandiyeza phazi anabweretsa saizi 39, ine ndinati andipatse 41. Anati nsapato zamatayala zimafunika zothina, phazi lisamasewere m'kati. Apa ndinamuseka mumtima. Ife tinakulira pa kaunjika, timadziwa kuti nsapato umagula yokulirapo. Ikakhwepa umaikamo nyuzipepala kuzala, koma yothina ndi kutaya. Ngakhale za ku Chilomoni zija zinali za mwamuna wamkulu, ndipo ndinkavala ndi masokosi atatu. Anayesa kawiri kundibweza, kenako anangokweza mapewa n'kuziika m'bokosi.

Loweruka ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, kunyumba osanena. Ndinafuna amuna anga akandione ndikumudutsa Taizya ngati waima. Ndinafika ku Crawley kaguluko katanyamuka kale. Ndinakhala pabenchi, n'kukanyiza nyuzipepala kuzala, n'kumanga zingwe mwamphamvu.

Nditaimirira ndinadabwa kutalika kwanga. Poyamba miyendo inakumbukira ndithu, ndipo mtima unati myaa. Koma njira itayamba kutsetsereka pang'ono, matayala aja ananditenga. Phazi linkapita uku, nsapato uko. Kutsogolo kunali bambo wina akukankha mwana pangolo. Ndinafuna kukoka phazi limodzi cham'mbali monga ndinkachitira kale, koma chidendene chinangotukuka m'kati mwa nsapato. Tsabola wakale sawawa. Ndinadziponya pakapinga, khuu, chigongono n'kusupuka, chipewa n'kugwera uko.

Amene anafika woyamba anali Taizya. Anali atatsalira kumbuyo ndi anthu awiri ongophunzira. Anaima pafupi nane mosavuta, ngati wavala patapata, n'kugwada, n'kunditchula dzina m'kayankhulidwe ka kwawo ku Lusaka; kaya anandionera pa chithunzi chiti.

"Ba Tusekile, ndimwe? Mwazipweteka maningi? Osanyamuka, nione kwanja."

Ndinkafuna akhale wamwano kuti ndimuyankhe bwino, koma anali waulemu zokwiyitsa. Anandipukuta magazi, n'kundimanga bandeji, n'kundimasula nsapato. Nyuzipepala itagwa anangoitola n'kuiika m'thumba mwake, osaseka.

"Izi ni zikulu, ba sister. Mukabweze, bazamuchinjilani."

"A Overstone ali kuti?" ndinafunsa, mawu ali gwa. "Si mumayenda limodzi inu?"

Anandiyang'ana modabwa zenizeni. "Na ine? Awe. Bamuna banu sibayenda na muntu. Bakafika bamatipasa moni, bafunsako vamatayala, basi bayenda beka kusogolo. Timabaona chabe pobwela. Ninabauza kuti tiziyenda pamozi monga gulu, banakamba ati iyi ndiye ntawi yabo yopumula."

"Yopumula ku chiyani?"

Taizya anangoyamba kulongedza mabandeji ake.

Ndinakhala pakapinga paja ndi masokosi okha pafupifupi theka la ola. Kenako ndinawaona amuna anga akubwera chapatali, okhaokha, manja kumbuyo, akuyendetsa miyendo pang'onopang'ono. Ankaimba. A Overstone, amene kunyumba amayankha ndi mphuno, ankaimba mokweza, nkhope ili ngwee, akumwetulira mtsinje. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaione chibwerereni ku Perth, ndipo nsanje imene ndinamva pamenepo inaposa ya miyezi yonse ija, chifukwa panalibe mkazi woti ndimuloze chala.

Atayandikira anandizindikira. Nyimbo inaduka, kumwetulira kuja n'kuzimiririka ine ndikuona. Anaima, n'kuyang'ana bandeji, n'kuyang'ana nsapato zatsopano zili pambali panga.

"Mayi a Aleke, simuli kuntchito? Mwavulala?"

"Pang'ono."

"Pepani." Anawerama n'kutembenuza tayala limodzi ndi chala. Kenako anafunsa motsitsa mawu, ngati munthu wofunsa zotsatira za kuchipatala: "Ndiye muzibwera Loweruka lililonse?"