Nkhope ya Eneless pa pulasitiki

Maso anga anayamba kuchita nkhungu chaka chomwe mwana wanga Eneless anamwalira. Kuchipatala anati ndi ng'ala, ndidikire madokotala a maso. Ndinasiya kulowetsa ulusi pasingano, kenako zilembo za m'buku la nyimbo zinasanduka nyerere. Zimenezo sindinadandaule nazo, nyimbozo ndimazidziwa pamtima. Chinandivuta ndi chithunzi.

Eneless anajambulitsa kamodzi kokha, tsiku la ukwati wake. Anamujambula mnyamata wa panjinga wa ku Songani, amene nayenso anatisiya, abale ake n'kutaya mafilimu onse. Chithunzicho chinali chaching'ono ngati chikhatho, nkhope yake ngati nyemba imodzi. Ine nyemba sindinkaionanso. Komanso sichinali changa, chinali cha mkamwini wanga, a Julius. Titawasudzula mu 1998 anati akupita ku Joni ndipo chithunzi atenga. Sindinakane, mkazi anali wawo. Ndinangopempha kuti andibwereke asananyamuke.

Ndinachipereka kwa Stewart, mwana wa achimwene anga, amene ankasamala zipangizo pa koleji ina ku Zomba. Kumeneko kunali mphunzitsi wochokera kunja amene anabwera ndi kompyuta yake, makina olowetsera zithunzi m'kompyutamo, ndi pulinta ya inki.

"Azakhali, ndichikuza kufika apa," anatero Stewart akutambasula manja.

"Ndiye kuza. Ukudikira chiyani?"

"Inki ya papepala sichedwa kusuluka, makamaka m'nyumba ya utsi ngati yanuyi. Ndisindikiza kaye negativi pa pulasitiki yoonekera. Kenako tiisanjika papepala lopaka mankhwala n'kuyanika padzuwa. Chithunzi chituluka cha buluu, koma chimenecho chikhalitsa kuposa inu ndi ine."

"Mwana wanga sanali wabuluu."

"Nanga mukufuna mtundu kapena mukufuna mphuno yake?"

Ndinamuuza kuti asiye kulongolola azipita.

Anabwera Lamulungu lotsatira ndi envulopu yaikulu m'kati mwa jekete. A Julius anali atatenga kale chithunzi chawo n'kukwera basi. Mphunzitsi uja naye anali atabwerera kwawo ndi makina ake onse. Anangosiyira Stewart timabotolo tiwiri ta mankhwala, ndipo atayeserera, otsalawo anali okwanira pepala limodzi.

Anaimika pulasitikiyo pakhomo, pomwe pankalowera kuwala. Mutu unali waukulu ngati mbale, ndinauona. Koma diresi loyera lija linali lakuda, nkhope yotuwa ngati phulusa.

"Uyu si Eneless."

"Ndi yemweyo, azakhali, wangotembenuzidwa. Dzuwa limubweza."

Dzuwa lake kunalibe. Unali mwezi wa Julaye, chiperoni chitaphimba phiri lonse, kamvula kakuwaza. Stewart anaopa kubwerera ndi pulasitikiyo panjinga, choncho anandisiyira. Anagwira chala changa n'kuchiyendetsa m'mphepete.

"Mbali iyi ndi yosalala, iyi ndi yokhakhala. Inki ili kokhakhalako, ndipo simauma kwenikweni. Isakhudze madzi ngakhale dontho."

Ndinaika envulopuyo pamwamba pa kabati.

Lachinayi amayi a Mvano anabwera kudzandichezera, monga ankachitira chimwalirire mwana. Mng'ono wanga Jenifa anawalandira. Ine ndinali kukhitchini ndikuphula mbatata. Jenifa anawathirira madzi m'manja, ndipo poona kuti ndikuchedwa anachita zomwe aliyense amachita kwathu kuno alendo akakhala pansi: anawapatsa chithunzi kuti aziona. Stewart akuchenjeza, iye kunalibe. Ankangodziwa kuti pakabati pali Eneless.

Ndikulowa ndi mbale ndinamva kusisima. Pulasitiki inali itazungulira kale mphasa yonse. Aliyense anailandira ndi manja awiri, mwaulemu, manja ongosamba kumene. Mayi Watipaso, amene anamuphunzitsa Eneless Sande sukulu, ndi amene anali nayo.

"Amake Eneless, ngakhale chatembenuka chonchi ndamuzindikira. Chipumi ichi ndi chake. Panali pataderako pang'ono pankhopepa, ndapukuta ndi chitenje."

Ndinaika mbale pansi, n'kulandira pulasitikiyo, n'kuibwezera mu envulopu. Zala zanga zinkanata. Tinadya mbatata, tinaimba, anapemphera, anapita. Sindinakalipire munthu. Akanadziwa bwanji?

Loweruka kunacha bwino, phiri lonse poyera. Stewart anafika ndi pepala lake lomwe anapaka mankhwala dzulo lake, atalikulunga m'jumbo yakuda. Anatsegula envulopu pakhonde. Anatulutsa pulasitikiyo n'kuiyang'ana padzuwa.

"Ndani wagwira?"

"Alendo."

"Azakhali, ndinanena."

"Unanena. Ungapange ina?"

"Ndi chiyani? Kompyuta ili kutsidya kwa nyanja. Chithunzi chili ku Joni, ndipo a Julius sanasiye keyala."

"Ndiye yanika imeneyo."

"Tingotaya pepala."

"Ukulisungira ndani?"

Anasanjika pulasitiki papepala, n'kupsinja ndi galasi lomwe tinachotsa pa kalendala yakale ya tchalitchi, n'kuika pamphasa pambali pa mpunga womwe ndinayanika. Ine ntchito yanga inali kuingitsa nkhuku. Jenifa anaima patali pafupi ndi nkhokwe. Stewart ankangosuzumira m'mphepete mwa pepala, kenako anati zakwana. Analiviika m'beseni n'kumaligwedeza pang'onopang'ono, madzi akusanduka achikasu. Buluu anayamba kutuluka. Ameneyo ndinamuona ndithu, buluu wa yunifolomu ya ana a sukulu.

Analinyamula likudontha. Ndinasendera pafupi mpaka mphuno yanga inanyowa. Ndinaona choyera chachikulu m'munsi, ndi chakuda pamwamba pake. Koma masiku amenewo nkhope ya munthu aliyense ndinkaiona choncho, ya Stewart yomwe. Sindikanatha kusiyanitsa vuto la pepala ndi vuto la maso anga.

"Tandiuza, waoneka?"

"Diresi latuluka bwino kwambiri. Ngakhale timabatani."

"Sindinafunse diresi."

"Manja akenso. Wagwira maluwa. Mphete ikuoneka."

"Iwe Stewart."

"Pankhope palibe kanthu, azakhali. Pomwe anapukuta inki dzuwa ladutsa lonse. Pali buluu wakuda basi. Kwatsala khutu limodzi, ndi zidindo za zala kuzungulira mutu."

Jenifa anayamba kulira kunkhokwe kuja. Ndinamuuza kuti asiye, adzaingitse nkhuku pampunga.

Pepala litauma Stewart analiika kuseri kwa galasi lija n'kulikhoma pakhoma, moyang'anana ndi mpando wanga. Anati mwina a Julius adzalemba kalata. Sanalembe. Madokotala a maso akuti anabwera ku Zomba chaka chatha, ine ndikudwala malungo, ndipo anapita ndisanadzuke. Mayi Watipaso akabwera amaima pansi pa chithunzicho n'kunena kuti akumuona bwinobwino. Ine ndimangoti zikomo.

M'mawa dzuwa likalowa pawindo ndimaonabe choyera cha diresi. Chaka chino chachepa kuposa chaka chatha.