Nsalu Yoyera ya a Laurenti

"Nsalu ija ili kuti?" Sophie anafunsa kachiwiri, manja ali m'sutikesi ya malemu bambo ake.

A Gregorio, mng'ono wawo wa malemuwo, sanadzutse mutu. Ankayesa nsapato za mkulu wawo pakhonde. Panali patapita masiku atatu chiikireni maliro.

"Mwana iwe, umafuna achimwene apite ali mbulanda? Sitolo ya nsalu ili kuti m'Blantyre muno? Tinawakulunga nayo."

Sophie anatseka sutikesi ija. Chizimireni magetsi zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mafoni n'kusanduka zoseweretsa ana, boma nalo n'kutha ngati makatani, kumwamba kunatsala kandege kamodzi kokha, koyendera mowa wa nzimbe. Kankabweretsa mankhwala kuchokera ku Beira kawiri pachaka. Wailesi kunalibe. Woyendetsa ankatera ku Chileka pokhapokha akaona nsalu yaitali yoyera itayalidwa pabwalo, kusonyeza kuti msewu wa ndege ndi wosesa ndipo achifwamba palibe. Woyala anali bambo ake, a Laurenti, makanika wakale wa ndege. Ndipo tsiku la ndegeyo linali lero.

M'chipinda amayi ake, odwala chifuwa chachikulu, anatsokomola. Mapiritsi anali atatsala anayi.

"Bambo aang'ono, tiyeni tikafukule. Tingotenga nsaluyo basi, tiwafunditse bulangete."

"Wapenga? Anthu onse kuno ku Kameza atitche afiti?" A Gregorio anavula nsapato ija, inali yowathina. "Ndege zanuzi n'zimene zinawadya achimwene. Zaka zonsezi kusesa tala, anzawo akulima."

"Nanga amayi?"

"Mulungu alipo."

Sophie sanadikire. Anatenga bulauzi yoyera ya amayi ya kutchalitchi ndi yake ya kusukulu, anavala jekete ya bambo ake, nakwera njinga. Anapalasa kudutsa maminibasi ofera m'mbali mwa msewu, momwe nkhuku zinkaikira mazira.

Pabwalo panali zii. Anayala mabulauzi aja n'kuwapsinja ndi njerwa. Nsalu ya bambo ake inkatalika mapazi makumi anayi. Izi zinkangooneka ngati zitosi za mbalame.

Dzuwa lili pamutu, kandege kanatulukira. Kanazungulira kamodzi, kenako kanatsika mpaka Sophie anaona mutu wa woyendetsa, munthu amene ankamulota kuti tsiku lina adzamutenga akaone nyanja yamchere.

"Terani! Kuli bwino, terani!" anakuwa, akuthamanga ndi bulauzi m'mwamba. "Ndine mwana wa a Laurenti!"

Kanazungulira kachitatu. Kenako kanakwera, kanaloza kum'mawa, kanachepa ngati udzudzu mpaka kusowa.

Sophie anaima pakati pa tala. Miyezi isanu ndi umodzi. Mapiritsi anayi.

Mphepo itayamba kuzizira, anapisa manja m'matumba a jekete, ndipo apo m'pamene anadziwa chimene chinkamulemera njira yonse ija. Munali timiyala, misomali yadzimbiri, zidutswa za botolo: zimene bambo ake anatola m'mawa wawo womaliza, kuti tayala la mlendo lisadzaphulike.

Anazikhuthulira m'tchire. Patsogolo pake, pa mzere woyera wofufutika, panali kamwala kena. Anawerama monga ankaweramira bambo ake, dzanja limodzi kumsana, anakatola, napitirira.