Mfutso wa Koriyanda

Foni itangoduka, Esitele anangoti kakasi pakhonde. Anaimba ndi mlongo wake Goodwin, woyendetsa thiraki, kunena kuti galimoto yamufera pa Namitete, katundu adzatenga mawa. Mawa ati? Iye anali atazula kale masamba a koriyanda kudimba m'mamawa, mitolo makumi awiri, ndipo dzuwa la Okutobala ku Chiosya silinyengerera tsamba.

Masamba onunkhirawo anali oyamba kupita kwa a Hillary, ophika pa loji ina ku Chipata. Bambowo ananeneratu: "Akafika wobiriwira, muzindipatsa sabata iliyonse. Akafota, basi, ndibwerera kwa ogulitsa a ku Lusaka." Mtima wa Esitele unali m'mwamba.

Anathira timadzi m'ndowa, n'kuimikamo mitolo mizu pansi. Inakwanamo isanu ndi inayi yokha. Yotsalayo anaiika palichero pamthunzi, n'kuthamangira kwa mnansi wake Agnes kukabwereka ndowa ina. Kumjigo nako anapeza mzere wosaona kumapeto.

Pobwerera, fungo linamuchingamira asanalowe mumpanda. Apongozi ake, a Nambewe, anali chowerama pamphasa, akuyanika masamba owiritsa, akuda bii.

"Amayi, mwatani?"

"Ndakufutsirani, make Takondwa. Ndiwo zimangofota inu mukucheza kumjigo. Koma chisoso chanuchi kununkha! Ngati nsikidzi."

Esitele anatula ndowa. Apongozi ungawakalipire bwanji, iwo atachita zimene mayi aliyense wanzeru amachita akaona masamba akufota?

"Amayi, ameneyu safutsa. Amamufuna wamuwisi. Ndi uja wa ku Chipata."

A Nambewe anayang'ana mphasa, nayang'ana mpongozi wawo. Chipande chinawapulumuka m'manja. Miyezi iwiri anamuona mwanayu akulawirira kukathirira, msana ukuwawa.

"Ndalakwa ine," anatero chapansipansi.

Esitele anaimbira a Hillary, nanena zonse mosabisa.

"Isanu ndi inayi sikwana," anatero bambowo. "Komabe bwerani nayo, ndikupezani paboda folo koloko. Ndikaione ndi maso anga. Mukachedwa sindidikira."

Nthawi inali itadutsa kale wani koloko. Esitele anaitana wa kabaza ya njinga yamoto, n'kukhala kumbuyo atafungatira ndowa. Apo m'pamene anazindikira kuti pamwamba m'posavundikira. Mphepo ndi fumbi zikanamaliza masambawo asanafike n'komwe pa tala.

Asanatsike, a Nambewe anavula duku lawo la kutchalitchi, nalinyika m'madzi a m'ndowa ya Agnes, n'kulimanga pakamwa pa ndowa. Esitele anali asanawaonepo imvi zawo chikwatiwire.

"Muzilinyowetsa m'njira," anatero. "Pitani, musandiyang'ane."

Njinga inanyamuka, Esitele atagwira mfundo ya dukulo ndi manja onse awiri.