Chandevu cha Amayi Monika

Rahima anatha masiku atatu akukwera ndi kutsika mapiri a kufupi ndi Ntchisi Boma, ukonde uli m'manja, koma ntchentche imene ankafuna sanaione. Iye anali mwana wa eni sitolo ku Madisi, ndipo ankamaliza maphunziro a za tizilombo ku yunivesite. Ntchentcheyo ankangoidziwira m'mabuku: yaitali thupi, yaubweya kumaso, yogwira tizilombo tinzake tikuuluka.

Tsiku lachinayi m'mawa anapeza mayi wina akumweta udzu wofolera m'mbali mwa phiri. Anali amayi Monika, mlimi wa mtedza wa m'mudzi wa kumunsi.

"Mwalawirira chiyani kuno, mwanangu?" anafunsa amayiwo.

Rahima anawaonetsa chithunzi pa foni. Iwo anachiyang'anitsitsa, kenako anaseka.

"Ichi? Ine ndimachitchula kuti chandevu. Nthawi ino simungachipeze, chimadana ndi mame. Dikirani dzuwa lifike paliwombo. Komanso musamachifune m'udzu wothithikana. Chimakonda poyera, pamene dothi likuoneka."

Masana anamutengera pamalo a miyala, pomwe udzu unali wapatalipatali, namuuza kuti akhale phee. Sipanapite nthawi, chinthu chotuwa chinatera pansonga ya udzu, chikutembenuza mutu uku ndi uku. Njuchi itadutsa, chinaimbwandira m'mwamba momwemo, n'kubwerera nayo pa udzu uja, mlomo chitauzika kukhosi kwa njuchiyo. Rahima anajambula mofulumira moti chithunzi choyamba sichinaoneke bwino.

"Chimayamwa zam'kati, khungwa n'kutaya," anatero amayi Monika monong'ona. "Osachigwira ndi dzanja, chinandilumapo. Chachikazi ndimachiona chikuzika kumchira m'dothi lofewa apo. Ndimati mwina chikuikira mazira."

"N'zoona, amayi. Mphutsi zake zimakulira m'dothi, zikudya mphutsi zina. Koma zonsezi munaphunzira kuti?"

"Sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Koma udzu wa phiri lino ndaumweta zaka makumi atatu, ndipo pomwetapo maso sindinkawasiya kunyumba."

Anayenda limodzi sabata ziwiri. Amayi Monika ndiwo ankadziwa malo amene moto wa osaka mbewa sunafikeko, ndipo Rahima ankalemba zonse m'kope.

Chaka chotsatira, mvula itatha ndi misewu itauma, Rahima anabwera pa njinga yamoto atanyamula buku la kafukufuku wake. Anatsegula tsamba la kumayambiriro, nawerenga mokweza, akumasulira m'Chichewa, kuti malo ndi makhalidwe a ntchentcheyo anaziphunzira kwa mphunzitsi wake, Monika Chimbalanga.

Amayi Monika anapukuta manja pa chitenje asanaligwire. Anayendetsa chala pa chilembo chilichonse cha dzina lawo mpaka kumapeto.

"Mwalemba kuti mphunzitsi?"

"Ee, amayi. Si munandiphunzitsa?"

Lamulungu, Misa itatha, bukulo linayenda m'manja mwa amayi a kwaya panja pa tchalitchi. Amuna a amayi Monika, bambo Alexio, amene kale ankadandaula kuti akazi awo amachedwa kuphiri n'kuyang'ana ntchentche, anaima chapatali ndi anzawo, chipewa chili m'manja.

"Mukawerenge nanunso," anatero bambo Alexio. "Ndi akazi anga amenewo."